Mfuti ya madzi yalowa mu layini

Mvula ikatsanzika mu Epulo imasiyira khonde lililonse mphatso ya ndere. Zimamera mwakachetechete kumene dzuwa silifika, kuseri kwa thanki ndi m'kanjira kopita ku geti, n'kumadikira mlendo wa nsapato zatsopano. Kale mlandu umenewu unkatha ndi burashi, sopo wa ufa, ndowa ziwiri ndi msana wa munthu. Msanawo unkakhala wa mayi wa pakhomo, wa mnyamata wa ntchito, kapena wa mwana wa alamu amene anabwera m'tauni kudzaphunzira sukulu. Bambo ankangodutsa ndi nyuzi kukhwapa n'kuloza ndi phazi: "Apa sipanayere."

Nderezo tinaziitana tokha. Titangoona kandalama tinagamula kuti bwalo la dothi ndi zakumudzi. Ku Area 47, ku Area 25, ku Namiwawa mpaka ku Chilomoni tinagwetsa mitengo ya mango n'kuyala timiyala ta simenti kuyambira pa geti kukafika pakhomo la kukhitchini. Bwalo la dothi linkangopempha tsache m'mawa. La simenti lili ndi zofuna zambiri.

Mu layini iliyonse mumapezeka bambo mmodzi woyambitsa zinthu, ndipo kwathu ndi bambo a geti lakuda. Loweruka lina tambala asanaweruke kunamveka kulira kwachilendo, kosakhala jenereta, kosakhalanso chigayo. Agalu anauwa, ana anakwera pampanda. Geti lija, limene ngakhale otolera ndalama za chitetezo amalipeza lotseka chaka chonse, linali yasa mbali zonse ziwiri. "N'kuti madzi azituluka," anatero eni ake popanda wowafunsa. Anali mu kabudula ndi magalasi akuda, ataima mwausilikali, manja onse awiri ali pa mfuti ya makina aja timawaona kwa anyamata otsuka magalimoto m'mbali mwa msewu.

Tsiku limenelo ukhondo unasintha mwini. Munthu amene pa zaka 20 za banja sanafunsepo kumene tsache limagona anatsuka khonde, kanjira, mpanda, matayala a galimoto, miphika ya maluwa ndi khola la galu. Galuyo akanapanda kuthawa naye akanayera. Ine ndinaphunzirapo kuti abambo a m'tauni alibe chifukwa ndi ntchito ya pakhomo, chimene amadana nacho ndi ntchito yopanda phokoso. Tsache likanakhala ndi injini ndi batani, bwenzi amayi akuchita kulipempha atagwada.

Pofika madzulo kanema anali atalowa kale pa gulu la WhatsApp la mu layini, lija limakamba za akuba ndi zinyalala. "Mwatitsegula m'maso, bwana," analemba wina. "Ulemu wanu," anatero mnzake. Onsewo ankalemba akukukuta mano. Makolo ankati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, koma m'tauni timati chagula mnzako, mawa ugule chachikulu.

Ndiye tipite kusitolo, kumene sewero lenileni limachitikira.

"Achimwene, amphamvu kwambiri ndi ati?"

"Mukufuna otsukira chiyani, bwana?"

"Pakhomo."

"Pakhomo pake mpotani? Ndi khonde lokha, kapena..."

"Ndati amphamvu kwambiri."

Wogulitsa wochenjera amasiyira mafunso pomwepo. Wazindikira kuti bwanayu sakulimbana ndi ndere, akulimbana ndi munthu wina wake wa geti lakuda. Amangomuonetsa nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambalayo imasanduka moni pamalo omwera.

"Anu ndi angati?"

"130."

"Aaa, otsukira njinga amenewo. Anga ndi 180."

Ukafunsa kuti 180 yake ndi ya chiyani, aliyense amakumbuka kuti foni yake ikuitana. Nambalayo ndi ya ma bar, muyeso wa mphamvu imene madzi akukankha nayo. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono. Mpopi wa panyumba, tsiku limene uli ndi mtima wabwino, umapereka atatu kapena anayi. Makina aang'ono a magetsi amafika 110, apakati 130 kapena 145, aakulu 180, pomwe a petulo amadutsa 200. Ndere za pakhonde zimagonja pa 110 kapena 130 popanda kuchita apilo. Zotsalazo n'za makutu a aneba.

Pamalo omwewo pamavutanso dzina. Makina achikasu otchuka aja ndi a Kärcher, ndipo aliyense amalitchula mwa njira yake molimba mtima. Alfred Kärcher anali injiniya wa ku Germany amene mu 1950 anapanga makina opopera madzi otentha mwamphamvu, oyamba ku Ulaya. Anamwalira mu 1959, ndipo kampani yake ya ku Winnenden anaiyendetsa ndi mkazi wake, Irene. Pa nthawi ya mayiyu, mu 1974, kampaniyo inaika mtima wonse pa makina otsukirawa n'kusintha mtundu wake kuchoka ku buluu kupita ku chikasu. Mbiri imeneyi musaikambe pamene abambo akuyerekeza manambala. Anthu amene amauza akazi awo kuti "izi musakhudze, n'zoopsa" sangakondwe kumva kuti amene anatchukitsa mfutiyo ndi mayi wamasiye.

Nambala imene inayenera kufunsidwa poyamba ili m'munsi mwa katoni, yolembedwa ndi timalemba tating'ono: malita pa ola. Makina aang'ono amamwa pafupifupi malita 360 pa ola, aakulu 600. Kunena chilungamo, paipi wamba yongosiyidwa ikukhavula imataya madzi ambiri kuposa pamenepa. Koma makina amafuna madzi obwera mosadukiza, ndipo mipopi yathu ili ndi ndondomeko yake imene siuza munthu. Imatha kutsokomola kawiri n'kukhala chete mpaka usiku. Pampu ikayenda yopanda madzi imawonongeka, ikamwa madzi a mchenga opanda sefa imawonongekanso. Makina ena amatha kuyamwa madzi mumgolo, koma mgolo wa malita 200 aang'ono aja amaumaliza m'theka la ola, aakulu m'mphindi 20. Chigubu cha malita 20 chimatha moni usanathe. Choncho kuseri kwa bambo aliyense wonyadira mfuti yake kumakhala mzere wa anthu onyamula ndowa, omwe aja ankati makinawa adzawapumitsa.

Tisaiwale aja makina awo amachokera ku Joni, mphatso ya mphwawo wa ku Johannesburg. Amafika pa basi atakulungidwa m'bulangete, banja lonse n'kusonkhana kudzaonerera. Apo mpamene zimadziwika kuti pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pomwe soketi za kuno zimafuna mano amakona. Munthu woleza mtima amakagula pulagi ina. Bwana wathu, poona kuti anthu akudikira, amadula chingwe, n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi kamtengo ka machesi, kenako n'kukaima m'madzi osavala nsapato. Magetsi ndi madzi sizinayanjanepo, ndipo sizidzayamba kuyanjana chifukwa cha ulemu wake. Ngakhale makina aang'ono amakoka mawati pafupifupi 1,400, ndiye amene amadalira kasola ka pa denga magetsi akathima aiwaleko. Kainveta kamangolira kamodzi, filiji n'kuzima, mayi n'kutulukira pakhomo manja ali m'chiuno.

Tsopano tinene kuti madzi alipo, magetsi alipo. Makina ena, makamaka a petulo, amabwera ndi timilomo ta mitundu yosiyana. Kofiira kamaponya madzi pamalo amodzi, kachikasu kamawatambasula pang'ono, kobiriwira ndi koyera timawamwaza mofatsa, kakuda n'ka sopo. Pakhonde pamafunika kobiriwira kapena koyera. Bwana amasankha kofiira, chifukwa tinato tikuoneka taulemu kwambiri. Poyamba amalemba dzina lake pa simenti kuti ana aseke. Ana amasekadi, koma dzinalo silifufutika, popeza madziwo akumba simentiyo. Kenako amalondola mizere ya pakati pa timiyala tija n'kuchotsamo mchenga wonse umene umatigwira, mwakuti mvula yotsatira timiyala timayamba kugwedera ngati mano a agogo. Polishi wofiira wa Cobra amene mayi akhala akupaka pakhonde chilowereni m'nyumbamo amachoka mphindi imodzi. Penti wa pampanda amatsatira. Wina amayesa kutsuka matope a pa chala chake ali mu patapata, ndipo Lolemba amapita kuntchito akutsimphina, akuti anapunthwa.

Litsiro nalonso silisowa, limangosamuka. Limachoka pansi n'kukwera pakhoma, pamawindo, pagalimoto ya mlendo, ndipo lotsala limalumpha mpanda kukatera pa yunifomu za ana a aneba zimene zili pachingwe. Kusitolo kuli chimbale chozungulira chimene umalumikiza kumfuti, chimatsuka pansi mofanana popanda kuthovutsira matope kwina. N'chida chanzeru kuposa zonse zili m'katoni, koma sindinachionepo mu layini mwathu. Vuto lake n'lakuti chimabisa madzi, ndiye odutsa mumsewu aona chiyani? Dzuwa likafika pamutu bwana amazimitsa makina, n'kuyang'ana ntchito ya manja ake, n'kukasamba. Mayi amatuluka ndi tsache ndi chikolopa kudzakonza pamene patsukidwa.

Ndiye pamabwera za kubwerekana, mwambo umene tauni yalephera kuupha.

"Odi kuno! Aneba, mwadzuka bwanji? Kwathu kuli chinkhoswe Loweruka, ndiye timati timve za makina aja."

Kukana n'kosatheka, chifukwa munthu yemweyu ndi amene anabwereketsa mipando pa maliro chaka chatha. Makina amatuluka pa geti ali ndi timilomo tonse, amagona kwa apongozi a aneba ku Kawale, amakatsuka tchalitchi, amadzera pa minibasi ya mlamu wawo, n'kubwerera patatha milungu itatu ali ndi kamlomo kamodzi ndi paipi yomangidwa ndi mphira. "Anangosiya okha, mwina anali kale ndi vuto." Eni ake amaseka, amathokoza, kenako amalowa m'nyumba kukalankhula okha. Ena aphunzirapo. Ukapita kukabwereka amakulandira bwino, amakupatsa mpando ndi tiyi, n'kukuuza mwachisoni kuti kachitsulo kena kanasowa, akudikira kuti kabwere kuchokera ku Joni. Loweruka lotsatira makinawo umawamva akulira bwinobwino.

Ovutika kwambiri ndi a pa lendi, pa poloti ya mita imodzi mabanja anayi. Mmodzi akangoliza makina theka la ola, bilu ya madzi ya mwezi umenewo, ndi ya miyezi iwiri yotsatira, imakhala yake pa milandu yonse. Alandilodi nawo akadzaona khonde likuwala sayamikira. Amayang'ana makinawo, amayang'ana mwini wake, n'kunena mofatsa kuti mwezi wamawa tikhale pansi tikambirane, zinthu zakwera.

Inu amene mtima wanu wayamba kale kulira za makinawa, yambani mwatsegula mpopi Loweruka m'mawa muone ngati ukuyankha. Ukayankha, gulani aang'ono a magetsi, a ma bar 110 kapena 130, muonjezepo sefa, jombo, pulagi yeniyeni ndi thumba la mchenga wobwezera m'mizere. Imani patali pang'ono ndi simenti, ndipo kamlomo koponya madzi pamalo amodzi mukapatse mayi akasunge. Mpopi ukakhala chete, ndalamazo sungani. Ndere zimavuta kamodzi pachaka, ndipo anyamata otsuka magalimoto pa kona paja, mukagwirizana mtengo, angabwere mu Meyi ndi makina awo n'kumaliza ntchito nsima isanapse. Iwo mfutiyo ndi khasu lawo la tsiku ndi tsiku, sadzalemba dzina la munthu pakhonde panu.

Kwa amene munagula kale, pempho la anzanu a mu layini ndi limodzi: Loweruka muziyamba 9 koloko. Enafe Lachisanu timagona mochedwa.