Zomveka pa Chulu: Namondwe Akabwera, Fodya Timusiyira Ndani?

Sabata ino nkhani ya mtengo wa feteleza yapumako pa Chulu. Wailesi yayambanso nyimbo yake ya dzinja lililonse, yoti a zanyengo akuyang'anitsitsa nyanja yamchere ya India ndipo okhala m'zigwa akhale tcheru. Kuno nyanja tilibe, koma aliyense wasanduka katswiri wa namondwe.

Pabwalo la bawo, mdala wina wadzudzula anthu a ku Beira kuti ndi osamva. Mzinda uli pansi, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo namondwe Idai atawomba usiku wa pa 14 Malichi 2019, mitsinje ya Buzi ndi Pungwe inasefukira mpaka anthu kukhala masiku pamadenga ndi m'mitengo. "Ndikanakhala ine, ndikanasamuka wailesi isanamalize kulengeza," watero. Mnzake anaika nkhomo pansi. "Inu achimwene? Amene chaka chatha munagona m'chigafa sabata yathunthu mutangomva mphekesera ya akuba fodya? Mikangala yonse ija mukanasenza pamutu?" Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo mdalayo anaseka nawo, n'kuvomera kuti tsamba lomwe walilerera kuchokera kunazale salisiya msanga.

Dalaivala wa thiraki yemwe amaonerera masewerawo anawonjezera kuti Beira tisamuyese wa eni. Mabelo athu ambiri akachoka ku okushoni ya Chinkhoma amakakwera sitima padoko limenelo, ndipo feteleza ndi mafuta amalowera komweko. Msewu wa ku Beira ukaduka, ululu wake umamveka mpaka kugolosale ya pa Chulu.

Kumjigo mawu anali otsika, chifukwa amayi amakamba za namondwe Freddy. Mayi wina ali ndi alamu ake ku Blantyre, ndipo akuti chenjezo linamveka ndithu mu Malichi 2023, sukulu zinatsekedwa, koma maso a ambiri anali ku Nsanje ndi ku Chikwawa komwe madzi anazolowera. Palibe ankaganiza kuti phiri la Soche lingagumukire nyumba za ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Gogo wina anati ameneyo ndi Napolo yemwe uja anadutsa ku Phalombe mu 1991. Mphunzitsi wachitsikana anayankha mwaulemu kuti, "Agogo, nthaka ikamwa mvula masiku angapo paphiri lometedwa mitengo, imatsetsereka yokha." Gogoyo sanagonje. "Mwanawe, nanga ndakutsutsa? Napolo amakonda njira yolambula." Onse anaseka, koma wina anakumbutsa kuti nafenso zigafa zathu zimadya mitengo chaka ndi chaka, ndipo mbande zobwezera timabzala zochepa.

Pasiteji ya kabaza anyamata amawerenga anamondwe pa zala: Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malichi 2025. Chowazunguza mutu n'chakuti Freddy anayambira kufupi ndi Australia n'kukhala moyo masiku 36. "Ulendo wonsewo osaima pa filingi siteshoni?" anafunsa wina akupukuta njinga yake. Wachikulire pagululo anawauza kuti mafuta a namondwe ndi madzi ofunda a m'nyanja, n'chifukwa chake akatera pamtunda amafooka, koma mvula yomwe wasenza amaikhuthula yonse. Anawakumbutsanso za Ana, yemwe anagumula damu la Kapichira, mdima n'kufika mpaka kwa ometa tsitsi a ku Kasungu boma.

Wogulitsa usipa, wochokera ku Nkhotakota, ndiye anatiwawula mtima. Akuti mu Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu n'kumapulumutsidwa ndi mabwato. "Mtsinje umenewo umachokera kwanu kuno ku Kasungu. Mvula imagwa kwa inu, mphasa zimayandama kwa ife." Palibe anamutsutsa. Madzi saiwala khwawa, ndipo omanga ndi kulima m'mphepete mwa madambo anayang'ana pansi.

Ku tiyirumu mkangano unali wa anthu a ku Makhanga, m'boma la Nsanje, omwe boma lakhala likuwapempha kusamukira kumtunda. Ena amati ndi makani. Koma tenanti wina, yemwe anasiya kwawo kum'mwera kudzalima fodya kuno, anafunsa kuti ndani angasiye dimba lobereka kawiri pachaka ndi manda a makolo ake, n'kupita kumalo kopanda mjigo. Pamenepo tiyi anazizira m'makapu.

Ine ndaona kuti macheza onsewa akuloza chinthu chimodzi. Wokana kuthawa nthawi zambiri si chitsiru. Amakhala akufunsa mafunso omwe wailesi siyankha: ndipita kuti, ana adya chiyani, mbuzi ndi fodya alondera ndani? A nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi a zanyengo akhoza kuchenjeza m'nthawi yake, koma mafunso amenewa amayankhidwa pamudzi, kunja kukadali kowala. Usiku madzi atafika m'mawondo si nthawi yokambirana.

N'chifukwa chake ndakondwa kumva kuti amfumu ena ayitanitsa msonkhano Loweruka. Akufuna mudzi ugwirizane sukulu kapena tchalitchi chothawirako, achinyamata onyamula agogo ndi odwala, olondera ziweto ndi zigafa, komanso woimba belu. Amayi awonjezera kuti ziphaso ndi mabuku a kusikelo zimangidwe mu jumbo, ndipo madenga a malata akhomeredwenso mphepo isanafike. Anyamata a kabaza alonjeza kunyamula okalamba kwaulere tsiku la ngozi, ndipo amfumu alamula kuti lonjezo limeneli lilembedwe m'kaundula, aliyense asayine.