Foni ya Mwini M'thumba Mwanga

Ku Kafue anthu a msinkhu wanga amanditchula kuti "wa makompyuta". Dzinali ndinkalinyadira, ndipo ndi lomwe linachititsa kuti amayi ogulitsa nsomba andisungitse ndalama zawo popanda kundifunsa funso ngakhale limodzi.

Ndinachoka ku Katete ndili mnyamata, kutsata amalume amene ankagwira ntchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza yomwe inatsegulidwa mu 1970. Masiku amenewo tauni ino inali ndi moyo. M'mawa uliwonse msewu wochokera ku Kafue Estates unkadzaza ndi anthu, ena kulowera ku Nitrogen, ena ku Kafue Textiles komwe ankaomba nsalu. Ine ndinapeza ntchito ya ukalaliki, ndipo kumeneko ndi komwe zala zanga zinazolowera makina olembera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ntchito zitayamba kutha, ofesi ina inkagulitsa katundu wake wakale. Ndinatenga ndalama zomwe anandipatsa pondichotsa ntchito n'kugula kompyuta. Inali bokosi lolemera, loyera mopita kuchikasu, ya Windows 95, yosungira zinthu pa timadisiki ta 1.44 MB. Intaneti inali itafika kale m'dziko muno mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa University of Zambia, koma inkafuna lamya ya waya, ndipo kwathu kunalibe. Kompyuta yanga inkangolemba makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, komanso maina a anthu a mumpingo.

Makina amenewo sanandiphunzitse kuopa wakuba. Ankakhala patebulo atafunditsidwa chitenje, ndipo munthu wofuna kuwaba akanafunika kuthyola chitseko ndi kubwera ndi wilibala. Zomwe ndalemba usiku ndinkazipeza m'mawa pomwepo. Mafoni atabwera, a Telecel omwe anasanduka MTN mu 2005 ndi a Zamcell omwe anadzakhala Celtel, kenako Zain, kenako Airtel mu 2010, ndinagula Nokia 3310, ndipo nayonso inalibe chinsinsi chilichonse kupatula manambala a abale. Koma pamene ndinagula foni yopalasa ndi chala, ndinasamutsiramo zonse: buku la maina, mawerengero, ndalama. Mtima wanga unakhalabe wa munthu wa kompyuta ya patebulo, pamene chuma chonsecho chinkayenda nane m'thumba la buluku.

Chilimba chathu ndi cha amayi amene amakapikula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika ndi m'mbali mwa msewu waukulu kufupi ndi mlatho, kuphatikizapo madoda angapo opuma pantchito. Mwezi ukatha aliyense ankatumiza gawo lake pa nambala yanga, ine n'kupereka kwa amene yafika nthawi yake yodya. Ambiri a iwo saona bwino timalemba ta pafoni. Ankangoti, "Abambo, inu ndi amene mumazidziwa izi."

Zomwe sankadziwa n'zakuti foni yanga sinkakhoma, chifukwa adzukulu ankaivutitsa ndi magemu ndipo ndinatopa n'kuwatsegulira. Pini ya ndalama inali chaka changa chobadwa. Ndipo m'zithunzi munali reji yanga, chitupa cha NRC chija, yojambulidwa mbali zonse ziwiri, tsiku lobadwa likuoneka bwinobwino. Bokosi lomwe foniyo inabweramo ndinalipatsa mdzukulu kuti azisungiramo makrayoni, kenako linatayika.

Tsiku lomwe anandibera linali la kumapeto kwa mwezi, amayi onse atatumiza kale. Ndinapita ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, kukagula mankhwala a mayi wa kunyumba. Pobwerera kunali kutayamba kuda. Pakhomo la minibasi panali kukankhana, ang'wang'wazi akukuwa, wina kukoka chikwama changa kuti ndikwere yake. Ndinakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Titadutsa fakitale ya simenti ya ku Chilanga ndinapisa m'thumba kuti ndiuze akunyumba kuti ndayandikira, n'kupeza mulibe kanthu. Mnyamata amene ndinakhala naye pafupi anaimbira foni yangayo. Inalira kamodzi. Atayesanso, inali itazimitsidwa.

Mnyamatayo anandiuza kuti, "Mudala, imbirani kampani pompano atseke simu. Tengani foni yangayi." Ndinamuthokoza n'kukana. Ndinati ndikapita ndekha ku ofesi m'mawa, pakuti zinthu za ndalama sazikambira mubasi anthu akumva. Choonadi n'chakuti ndinachita manyazi kuti mwana wamng'ono aphunzitse wa makompyuta. Usiku umenewo ndi umene unandisaukitsa.

M'mawa, nditabwezeretsa nambala yanga pa simu ina, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta yake, kenako anayang'ana ine, osalankhula msanga. Ndalama za chilimba zinali zitatapidwa zonse usiku womwewo, m'zigawo zingapo, kudzera pa manambala osiyanasiyana. Akubawo anali atatenganso ngongole ya pafoni m'dzina langa. Ndipo abale anga anali atalandira uthenga wakuti ndachita ngozi pamsewu wa Kafue, ndili m'chipatala, pakufunika ndalama mwamsanga pa nambala ina. Ambiri anakayikira. Mlongo wanga wa ku Katete sanakayikire. Anatumiza ndalama zonse zomwe anapeza atagulitsa mtedza wake.

Mpaka apa ndikanatha kunena kuti ndinali wolakwiridwa chabe. Zotsatirazi n'zimene zimandisowetsa tulo.

Sindinafune kuti amayi a chilimba adziwe. Ndinaganiza zokongola ndalama kwa mlamu wanga, kubweza mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Koma kuti zimenezi zitheke ndinafunika kuoneka ndili ndi foni ngati kale, ndipo m'thumba munali zochepa. Ndinabwerera ku Lusaka, ku Katondo Street. Aliyense wa kuno amadziwa chimene msewu umenewo umatchuka nacho. Pali masitolo achilungamo, opereka lisiti, koma ine sindinalowe m'sitolo. Ndinaima pakhonde mpaka mnyamata wina anandiyandikira n'kutulutsa foni m'jekete, kuionetsa pang'ono, n'kuibisanso. Inali yabwino kuposa yanga yotayika, ndipo mtengo wake sunafike theka la wa m'sitolo. Panalibe bokosi, panalibe chaja, panalibe lisiti. Pakona pake panali pophwanyika posachedwa.

"Mwini wake ali kuti?" ndinafunsa.

"Wapita ku Joni, bosi. Anafuna ya basi."

Sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Ndinafunsa kuti pakamwa panga pakhale poyera, kuti tsiku lina ndidzathe kunena kuti ndinafunsa. Ndinali munthu woti angomubera kumene, chilonda chikadali chachiwisi, ndipo ndinapereka ndalama zanga kwa anthu omwewo amene amachititsa kuti kupisa m'matumba kukhale ntchito yopindulitsa. Wakuba sadya foni. Amaba chifukwa akudziwa kuti mawa pakhonde paja padzaima munthu wooneka waulemu, wovala jekete la kutchalitchi, amene adzafunse funso limodzi n'kulipira.

Nditafika kunyumba ndinapeza kuti anaifufuta yonse koma anaiwala kamemori khadi m'kati. Munali zithunzi zambiri. Mtsikana atavala gauni ya omaliza maphunziro. Ana a sukulu atafola pabwalo. Mayi wachikulire wovala duku, pena akusenda chinangwa, pena atagona pabedi la chipatala akumwetulira. Ndinaziyang'ana zonse. Munalinso chithunzi cha kalata yokhala ndi dzina la sukulu, moti ndikanafuna ndikanamupeza mwini wake tsiku lomwelo. M'malo mwake ndinafufuta khadi lonse kuti ndipeze malo olembamo buku langa la chilimba, ndiponso kuti nkhope ya mayi uja isamandiyang'ane.

Ndinaikamo simu yanga. Munthu wodzitcha wa makompyuta anayenera kudziwa zomwe ankachita. Kuyambira pamene bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa, ntchito yomwe malire ake anali kumapeto kwa 2013, nambala iliyonse ili ndi mwini wake wodziwika. Foni nayonso ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, yomwe imaoneka ukadina *#06# ndipo imalembedwanso pa bokosi. Ukaimba, makina a kampani amalemba zonse ziwiri pamodzi, simu ndi foni. Mwini foni, mtsikana wa m'zithunzi uja, anasunga bokosi lake. Anapita nalo kupolisi. Ine nthawi iliyonse yomwe ndinkaimbira amayi a chilimba kuwauza kuti zonse zili bwino, ndinkadzilembetsa ndekha m'kaundula.

Patapita milungu ingapo anandiitana kupolisi. Wapolisi anandilankhula mwaulemu, koma sanabise kanthu. Anati malamulo a Penal Code salanga wakuba yekha, amalanganso wolandira katundu akudziwa kapena ali ndi chifukwa choganizira kuti ndi wobedwa. Anandifunsa lisiti. Anandifunsa dzina la wogulitsa. Anandifunsa mtengo, ndipo nditautchula anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Kenako anandiuza kuti foniyo sinachite kusololedwa m'thumba ngati yanga. Mwini wake anamugwetsera pansi madzulo akuchokera kuntchito, n'kumuthyola dzanja. Pophwanyika paja panali pa tsiku limenelo. Ndinagona m'chitokosi mpaka mlamu wanga anabwera kudzandisainira belo ya apolisi, ndipo apo m'pamene banja lonse la kuno linadziwa.

Mwini foni anali mphunzitsi, wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, dzanja lili m'chikhakha. Sanandikalipire. Anatenga foniyo, anatsegula pambali, anaona kuti khadi lilimo, nkhope yake n'kuwala.

"Atate, zithunzi zija zilimo? Za amayi anga. Anatisiya chaka chatha, ndipo kwina kulikonse ndilibe."

Ndinamuuza zoona, apolisi akumva. Anakhala pabenchi n'kulira mwakachetechete, ndipo ine ndinagwada pansi pa simenti kumupepesa. Anandiuza kuti ndidzuke, si bwino munthu wamkulu kugwadira mwana. Pambuyo pake anauza apolisi kuti iye akufuna amene anamuvulaza, osati nkhalamba, ndipo nditawalongosolera maonekedwe a mnyamata wa pakhonde uja anandilola kupita. Ndinapempha khadilo n'kukalipereka kwa mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi msika. Anabweza zithunzi zochepa za ana a sukulu. Za mayi aja zinali zitaphimbidwa ndi mawerengero anga.

Amayi a chilimba ndinawauza Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi. Wamkulu wa onse, amene wagulitsa nsomba pano kuyambira sitima zapamtunda zikadzaza ndi anthu, anamvetsera mpaka kumapeto. Anati, "Kuberedwa si mlandu, abambo. Chimene chatiwawa n'chakuti munkatiimbira n'kumatiuza kuti zili bwino." Mayi amene inali nthawi yake yodya mwezi umenewo analephera kulipira fizi ya mwana wake wa giledi 12 pa nthawi yake, ndipo anachita kukongola kwa akatapila. Usungichuma anaupereka kwa amayi awiri, wina amasunga foni, wina buku la pepala. Ine ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera pa kapenshoni kanga ndi pa ndiwo za m'dimba langa la kumtsinje, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha akatapila aja.

Watsala mlongo wanga. Iye kumudzi amakhulupirirabe kuti ndinachitadi ngozi, ndipo kuti ndalama zake za mtedza ndi zimene zinandigulira mankhwala. Akaimba amafunsa ngati mwendo wapola, ine n'kuyankha kuti ndikupezako bwino. Mayi wa kunyumba akana kundithandiza bodza limeneli, ndipo anena kuti ndikapanda kupita ndekha adzamuuza okha. Nkhani yotere sindingaikambe pafoni. Ndasunga ya basi ya ku Katete, ndipo mwezi uno ukatha ndinyamuka ndi theka la ndalama zake m'manja.