Sipanala yako ndi imene ili m'manja

Agogo anga aakazi ankakoka fodya wapamphuno, ndipo ankamusunga m'kabotolo kamene kale munali mankhwala a chifuwa. Akafuna kununkhiza ankagogoda kabotoloko pachikhatho, n'kutsina pang'ono ndi zala ziwiri. Tsoka linali pamene munthu wodutsa wawapatsa moni nthawi yomweyo. Moni wa kwathu ku Katete sayankha ndi liwu limodzi. Afunse za ana, za mbuzi, za mwendo wa apongozi uja unatupa, pomadzayang'ana pachala palibe kanthu. Pamenepo ankaseka okha n'kunena mwambi wa akuluakulu, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndakhala mu Lusaka muno zaka zambiri, ndipo mphepo yake ndimaidziwa. Ya mu Ogasiti imatola fumbi ndi mapulasitiki ku Kamwala n'kudzazikoleka pamawaya a kuno ku Kabwata. Koma imeneyo ndi yaulemu, sinanyamulepo wilibala ya munthu. Mphepo imene ndikunena ine imabwera Loweruka m'mawa, imagogoda pageti, imavula chipewa, ndipo imanditchula kuti alamu.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Nanga alongo anga? Tikuthira silabu ku puloti, mundibwerekeko wilibala masiku awiri okha."

Wilibala inakwera kanta ulendo wa ku Chelstone. Mwana wa aneba amene anabadwa sabata imeneyo tsopano ali giredi 2. Patapita mwezi fosholo inanyamuka kukazonda wilibala, nayo inakomedwa komweko. Kenako bobojani, tchizulo, sowo, mpaka makwerero. Ndinayamba kuona ngati ku Chelstone, kuseri kwa thanki yamadzi yaitali ija imene umaiona ukamayenda pa Great East Road, kuli mudzi wa zida zanga, ndipo mfumu yake ndi wilibala.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi sipanala ya 10. Amene sanatsegulepo boneti sangamvetse. Magalimoto amene adzaza misewu yathu, ma Corolla, ma Vitz, ma Allion ndi maminibasi a Hiace, ndi a ku Japan, ndipo mabawuti ake ambiri amafuna 10, 12, 14 kapena 17. Kuti umasule batire ufunika 10. Ndiye chifukwa chake sipanala ya 10 ili ngati mchere, nyumba iliyonse imaufuna koma palibe amene amavomera kuti watha ndi iye. Ndagula zinayi. Zonse zinayi ndinazigwira pachala.

Tsono ndinaganiza zoika chizindikiro pa chilichonse chotsala. Nzeru yoyamba inali penti, monga amachitira amakanika onse. Vuto lake ndi lakuti mu Lusaka aliyense ali ndi kachitini ka penti yofiira ija yopaka mageti ndi zitsulo za pawindo kuti zisachite dzimbiri. Owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road amapaka yomweyo, a ku Garden yomweyo, ndipo yotsala imathera pa masipanala. Pita pagalaja lililonse la pansi pa mtengo, ukapeza amakanika atatu akukanganirana pulayala imodzi, aliyense akuloza banga lofiira n'kumalumbira kuti anapaka ndi dzanja lake. Onse atatu akunena zoona. Ndinaganiza zosintha mtundu, koma dziko lino mitundu inagawidwa kale. Yofiira ndi ya chipani cha UPND, yobiriwira ndi ya PF, yabuluu inali ya MMD, ndipo sindinafune kuti munthu akaona hamala yanga azindifunsa za mtengo wa unga.

Kumudzi ankachita bwanji? Atate anga ankatenthetsa msomali pamoto n'kuotcha timizere titatu pampini wa khasu ndi wa nkhwangwa. Zinkagwira ntchito chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti timizere titatu ndi ta a Banda a kumunsi kwa chitsime, ndipo wobwereka ankachita manyazi kulima nalo khasulo anthu akuona. Komabe mpini ndi mtengo chabe. Munthu amagulula khasu, amakhomera mpini wina, chizindikiro n'kupita pamoto wophikira nsima. Eni ng'ombe ndiwo anachenjera, anaotcha pachikopa penipeni, ndipo boma limalemba zizindikiro zawozo m'kaundula. Lamulo la zizindikiro za ziweto la mu 2010 linali la zimenezo. Ng'ombe singavule chikopa n'kuvala china. Boma nalo limalemba GRZ pa katundu wake, kuyambira pa Land Cruiser mpaka pampando wa mu ofesi, ngakhale sindinganene kuti mipando yonse yolembedwa choncho imagona mu ofesi.

Ndiye ndinati nanenso ndilembe pachitsulo penipeni. Ndinagula kamakina kozokotera, kokhala ngati bolopeni yonenepa, kamene kamalira ngati udzudzu wa mu Disembala. Ndinakagula mu 2024, chaka chimene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumabwera maola atatu okha patsiku, kawirikawiri anthu ali mtulo. Usiku wina anayaka cha m'ma 2 koloko. Amayi a kunyumba anathamangira kukasita, ana kukatchaja mafoni, ine ndinatuluka ndi chitenje m'chiuno kukakhala pakhonde ndi bokosi la zida. Ndisanamalize sipanala yachiwiri ndinangoona matochi atatu pamwamba pa mpanda. Aneba anamva chitsulo chikulira pakati pa usiku n'kuganiza kuti akawalala akudula zitsulo za pawindo langa. Mmodzi anali ndi chikwanje. Ndinachizindikira chikwanjecho, chinali changa.

Nanga pachitsulopo ulembepo chiyani? Ndinayamba ndi "M.B." Koma dzina la Banda mu Lusaka muno si chizindikiro. Itana "a Banda!" pa siteshoni ya Kulima Tower, anthu khumi acheuka, kondakitala naye acheuka. Linafika mpaka ku State House mu 2008 ndi a Rupiah Banda. A Phiri, a Tembo, a Zulu ndi a Mwale nawonso asaseke, vuto ndi lomweli. Wina anandilangiza kuti ndilembe nambala ya pa reji, ya NRC, poti imeneyo ndi ya munthu mmodzi yekha m'dziko lonse. Nzeru yabwino, koma nambalayo ili ndi manambala asanu ndi limodzi, kamzere, awiri, kamzere, kenako limodzi. Pa sipanala ya 10 ndinafika pakamzere koyamba chitsulo n'kutha. Nambala ya foni nayo ndinaiganizira, koma ndinaona kuti ndingompatsa wakuba njira yondiimbira kudzafunsa ngati ndili ndi ya 12 yomwe.

Musaganize kuti matendawa ndi a ife a ku Kabwata okha. Ndinagwirako ganyu yokonza mapaipi ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene mipanda ndi yaitali kuposa nyumba yanga, pamwamba pali waya wamagetsi, pageti mlonda, kuseri galu amene amadya bwino kuposa mlondayo. M'galaja mumakhala bokosi la zida za Stanley kapena Gedore zonyezimira ngati zapaukwati, dirilo ya Bosch imene inaboola khoma kamodzi kokha popachika chithunzi. Zida zimenezi sizidumpha mpanda. Zimatuluka pageti masana dzuwa likuswa mtengo, zili m'buti ya galimoto ya mnzawo wa bwana amene anadzamwa tiyi, mlonda n'kuchitira sawasha. Pakatha miyezi isanu bwana afuna dirilo, saipeza, ndipo woyamba kufunsidwa ndi mnyamata wosamalira maluwa, amene ngakhale soketi yoti alumikizepo dirilo kwawo alibe. Izi sizindiseketsa kwenikweni. Chimene chimandiseketsa ndi makwerero. Munthu wamanga mpanda wa ndalama zambirimbiri, makwerero a aluminiyamu n'kuwasiya atatsamira mtengo wa mapeyala pafupi ndi mpanda womwewo, atalembapo dzina lake bwinobwino, kuti wakuba potuluka adziwe woti amuthokoze.

Kunena zoona, kawalala weniweni saopa chizindikiro. Penti amaipala ndi sandipepa kapena kuiviika mu thina. Zozokota amazidya ndi gilayinda, mphindi imodzi yokha. Mukadzayenda m'tauni, kuchoka ku Cairo Road kudutsa Cha Cha Cha ndi Freedom Way kulowera ku Lumumba, mudzayang'ane zida zakale zimene amayala pathumba pansi. Zambiri ndi zabwinobwino, eni ake anagulitsa okha njala itavuta kapena ntchito itatha. Koma apo ndi apo mudzaona sipanala yakuda ndi ukalamba, pakati pake pali kachipsera koyera kosalala. Pamenepo panali dzina la munthu. Ine ndinaitola imodzi yotero, ya 10, ndinaitembenuza, mtima n'kugunda. Kumapeto kwa chipsera kunatsala kamzere kopendekeka.

"Mdala, imeneyo ndi orijino, si zachabechabe za masiku ano," anatero mnyamata wogulitsa.

Ndinafuna kumuuza kuti ndikudziwa, ndinaigula ndine. Koma umboni wanga unali kamzere kamodzi. Ndinakumbukanso kuti Penal Code yathu, Chaputala 87, imati wakuba wamba angapite kundende zaka 5, koma wolandira katundu akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti ngwakuba angapite zaka 7. Ndinaima pamenepo n'kumadzifunsa ngati munthu angamangidwe chifukwa chogula sipanala yake yomwe. Tinanenerera mtengo, ndinaigula, ndinabwera nayo kunyumba ngati munthu wochokera kupolisi kukaombola mwana.

Amene safuna penti kapena kamakina kozokotera ndi osema a ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, m'tinyumba tozungulira tija timene tinamangidwira antchito achikuda nthawi ya atsamunda, tina n'kusungidwa mu 1974 pamene tinzake tinkagwetsedwa. Kasemasema wa mmisiri wa kumeneko mpini wake anausema yekha, ndipo unadyeka potsata zala zake. Wina akaugwira umamukana. Mwini wake amaudziwa monga mayi adziwira kutsokomola kwa mwana wake pakati pa ana makumi awiri. Ife a zida za m'sitolo, zofanana ngati mazira, ndife amene timavutika.

Ndiye chizindikiro n'chachiyani ngati mbala siichiopa? N'cha abale. Pachichewa sungauze mlongo wa mkazi wako kuti mwandibera. Sunganenenso kuti bwezani, chifukwa mawa adzanena pamaliro kuti mkamwini uja amawerenga ndi misomali yomwe. Chizindikiro chimakulankhulira. Umangofika, n'kukhala pampando, n'kuyang'ana chidacho nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Ii, koma hamala iyi ikufanana ndi ina yake." Mwini nyumba amayang'ana banga la penti, amaseka, amati ana ndiwo anaisokoneza, nkhani yatha popanda wotchedwa wakuba.

Pozindikira zimenezi ndinabwerera ku penti, ndipo ndinapeza mtundu umene ulibe chipani. M'chipinda cha mwana wathu wamkazi munatsala theka la chitini cha pinki. Ndinaviika chilichonse: zogwirira za pulayala, mchira wa tupa, shifitingi, jeke, sipanala ya 10 yoomboledwa ija. Ndinaziyanika pawaya wa zovala ngati nsomba. Amakanika a pakona anandiseka sabata yathunthu, koma kuyambira pamenepo palibe mwamuna wa mu Kabwata amene anasunga chida changa kupitirira tsiku limodzi. Amabweza dzuwa lisanalowe, atachikulunga m'nyuzipepala.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima kupita ku Chelstone kukaona mudzi wa zida zanga zakale. Ndinatenga sipanala yapinki m'thumba, kuti nkhani ikayambire pamenepo. Alamu anandilandira bwino, nkhuku inafa. Titadya ananditengera kuseri kuti ndikaone mmene nyumba yakwerera. Wilibala inali pomwepo, itatsamira khoma, tayala lili latsopano. Zogwirira zake zinali zapinki. Fosholo yapinki. Bobojani, sowo, makwerero, zonse pinki, mpaka khasu limene sindinalionepo chibadwire.

"Nzeru yanu ija, alamu, ndi yabwino kwambiri," anatero akusisita wilibala. "Anthu a kuno kubwereka sabweza. Ndinapempha alongo anga kachitini kanatsala kaja."

Ndinagwira m'thumba kuti nditsimikize kuti sipanala ya 10 ikadalimo. Iwo anaona dzanja langa, anaona kamutu kapinki katasuzumira.

"Aa, imeneyo mwaipeza kuti? Ndakhala ndikuifuna sabata yonse."