Tilibe Akana Dzina la Kawalala

Ufa wa Pamela utakweranso mtengo pa kantemba ka pakona, Bambo Tilibe a ku Chaisa anatsegula kachitini ka akazi awo, natengamo K20, napita kukalingalira za chuma cha dziko pa Chibuku.

Madzulo mlandu unayamba. "Atate ake Mabvuto, ndinu kawalala!"

A Tilibe anakana kwamtuwagalu. Kawalala ndi uja amatsomphola foni pa City Market n'kuliyatsa liwiro. Iwo anachita corruption, ndipo anapempha kuti mlandu wawo uzitchulidwa mwaulemu.

Mawuwa anawafufuza ndithu. Angelezi anawabwereka ku Chilatini, kumene amanena za kuwononga chinthu mpaka chivunde. Ndiye kuti tomato wogonera pa Soweto Market ali ndi corruption, nazonso ngalande za ku Chaisa mvula ikagwa. Koma atafika ku Lusaka mawuwa anavala jekete. M'komboni muli mawu akeake: ziphuphu, katangale, nichekeleko ya pa rodibuloko. Amenewo amayenda wapansi, ndipo wogwidwa nawo amagona m'chitokosi. Corruption imayenda pa galimoto, ili ndi loya, ilinso ndi ofesi yoisaka, Anti-Corruption Commission, imene lamulo lake loyamba ndi la 1980.

"Corruption ya K20?" anafunsa amake Mabvuto, mthiko uli m'manja.

Apa a Tilibe anagwa nayo. Mawuwa ali ndi mtengo wolowera pakhomo. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti Frederick Chiluba, mtsogoleri wakale wa Zambia, ndi anzake anasowetsa madola 46 miliyoni a boma, koma mu 2009 khoti la ku Lusaka linamupeza wosalakwa pa mlandu wakuba. A Tilibe anawerengera zala: kuti afike pamenepo, kachitini kayenera kukula ngati thanki ya madzi, ndipo iwo azitsegula usiku uliwonse mpaka zidzukulu zimere imvi.

Mu 2017 boma linagula galimoto 42 zozimitsira moto pa madola 42 miliyoni. Amene apolisi ananjata ndi aja anakafunsa za mtengowo kunja kwa Nyumba ya Malamulo, Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo, ndipo khoti linawamasula mu 2018. Pamenepa a Tilibe saseka ayi. Chingelezi chikamatalikitsa dzina la kuba, wakubayo manyazi amamuthera.

Pempho la a Tilibe loti pakhale komiti yofufuza za K20 ija linakanidwa. K20 anabweza Lachisanu, ndipo kachitini kanasamukira kwa apongozi ku Mandevu.