Ulemu kwa a Mwera, eni ake a mwezi wa Ogasiti

Pa 10 Julayi 2023 msuweni wanga yemwe amasamalira maluwa a azungu ku Johannesburg ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Anali ataima pakapinga, manja ali m'mwamba, tinthu toyera ngati ufa tikumugwera pachipewa. Akuti sinowo. Mzindawo unali usanaione chiyambire 2012, ndiye anthu anatuluka m'maofesi kukajambulitsa ngati kwabwera pulezidenti. Pansi pa kavidiyoko analembapo kuti, "Asuweni, kwanu ku Mchinjiko zoterezi muzingozionera pafoni."

Ine ndinangojambula miyendo yanga, ili mbuu kuyambira m'mawondo mpaka kuzikang'a, n'kumutumizira. Nafenso kuno timayera, asuweni, ndipo sitidikira zaka 11. Amatiyeretsa chaka ndi chaka, mwaulere, ndi a Mwera.

Ndikuti "a Mwera" chifukwa munthu wamkulu satchulidwa ngati mwana. Anthu a zanyengo amati kwawo n'kutali, kum'mwera chakum'mawa, kumene mpweya wozizira ndi wolemera umaunjikana pamwamba pa South Africa ndi panyanja yamchere, kenaka n'kumakankhira kuno. Amayamba kusuzumira mu Meyi, mu Juni ndi Julayi amabwera ndi chisanu, koma ufumu wawo weniweni kuno kwathu ndi mu Ogasiti, minda itayera, udzu utauma, madambo atayamba kung'aluka. Kunyanja amawaopa, ndipo n'zomveka: nthambi yoona zanyengo imachenjeza asodzi pawailesi, ndipo akuluakulu sanaiwale sitima ya Vipya imene inamira mu Julayi 1946. Ife kuno nyanja tilibe. A Mwera atafika n'kupeza kuti palibe madzi oti awindule, sanadandaule ngati alendo ena. Anangotenga fumbi n'kulisandutsa mafunde.

Choyamba chimene ndimawalemekezera ndi kayendedwe kawo pachipata. Kuchoka paboma kupita pa Mwami ndi makilomita 12 okha. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira nyumba yatsopano pamenepo kuti apaulendo aziima kamodzi kokha m'malo moima kawiri, uku kwathu ndi uko ku Zambia. Anthu anaomba m'manja. Koma a Mwera anayamba kale kudutsa osaima ndi kamodzi komwe, kuyambira nthawi imene boma lathuli linkatchedwa Fort Manning. Chiphaso alibe, chidindo sachifuna, fomu sanalembepo. Ndipo sazemba usiku m'njira zachidule ngati anyamata a njinga zonyamula matumba, ayi. Amadutsa masana dzuwa likuswa mtengo, pageti penipeni, n'kugwedezako mbendera zonse ziwiri ngati moni.

Akatswiri a zachuma amalira tsiku ndi tsiku kuti Malawi satumiza katundu wokwanira kunja. Sanabwere ku Mchinji mu Ogasiti. Ife tikakolola mtedza ndi soya, timatentha mapesi posaka mbewa, munda n'kutsala lupsa lokhalokha, dothi lili pamtunda ngati mutu wometa mpala. A Mwera amafika, n'kusankha lapamwamba lenilenilo, lofewa, lomwe tinathiramo fetereza wa ngongole, n'kunyamuka nalo kuloza ku Chipata. Lole safuna, njanji yopita kumeneko imene inalumikizidwa mu 2010 saiyang'ana n'komwe. Ndani wina amatumiza katundu wochuluka chonchi popanda kupempha ndalama zakunja kubanki? Kuti palibe chimene chimabwerako, imeneyo ndi nkhani ya owerengera ndalama. Makolo ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Msonkho wa a Mwera ndi wakale kuposa wa boma.

Palinso ntchito ya uinsipekitala. Mmisiri akhoza kukunamizani kuti denga walikhoma bwino, mwini nyumba ya lendi akhoza kulumbira kuti malata ndi atsopano, koma a Mwera salandira kangachepe. Amabwera usiku, n'kuyesa msomali uliwonse pawokhapawokha, kweee, kweee, mpaka mutadziwa ndi mtima wonse kuti amene munamulipira uja anakudyerani. Miyala, njerwa ndi matayala akutha zimene mumaziona pamadenga kuchokera pa Waliranji mpaka pa Mkanda si zokongoletsa. Ndi mitulo. Ndipo amatichita chifundo pobwera mvula isanayambe, kuti wofolera udzu aone msanga pamene anachita ulesi.

Za majumbo ndiye musanene. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kumangozungulira m'makhoti zaka ndi zaka. A Mwera sanadikire chigamulo. Amasesa msika wonse wa pa Kamwendo, n'kupachika majumbo aja pamitengo ya minga ndi pamawaya, abuluu uku akuda uko, kuti aliyense wodutsa pamsewu wa ku Lilongwe awerenge yekha umboni. Mwina n'kusesa kosatha bwino, koma ndiuzeni wina amene anayesapo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti sasankha. Mphunzitsi wamkulu, venda wa tomato, abusa, wakabaza, mwana wa sukulu ya mkaka, onse milomo imang'ambika mofanana. Mungadzole Vaseline botolo lonse, mukafika pamphambano mwatuwa ngati mwagona paphulusa. Mtsikana amene anakhala tsiku lathunthu kusaluni amatsika pakabaza tsitsi lili lofiira, ndipo salipira kanthu pa utoto umenewo. Wakabazayo naye amadziwa ulemu: popita ku Mwami a Mwera amamukankha kumsana ngati m'bale wawo, pobwerera amamupatsa phunziro, kupalasa ataimirira, mano ali gwa, mchenga ukukukutika m'kamwa. Amati thupi limalimba.

Malonda amene amayenda chifukwa cha iwo ndani angawawerenge? Wogulitsa majuzi ndi majekete a kaunjika amawapempherera. Watiyi, wa mbatata yootcha, wa makala, wa mankhwala a chifuwa ndi chimfine m'kagolosale, onsewa ana awo amapita kusukulu ndi ndalama za a Mwera. Ngakhale mabanja amene anasiyana zogona chifukwa cha kutentha kwa Okutobala watha amakumbukirana mu Julayi, bulangeti likakhala limodzi. Za maso ofiira ndi ana otsokomola usiku wonse ndingodutsapo; mfumu iliyonse ili ndi nduna zake zopyola muyeso.

Nduna yaikulu ndi kamvuluvulu. Amadzuka masana, pabwalo poyera, n'kuyamba kuzungulira ngati wavala chinyau, atanyamula mapesi, masamba ndi mapepala a mayeso a chaka chatha. Agogo anga ankati m'kati mwake mumayenda afiti. Aphunzitsi a jogalafe ankati ndi mpweya wotentha umene ukukwera kuchoka padothi louma. Ine ndinaona akulowa pamsika tsiku lina, n'kuvundukula zitenje, kugubuduza lichero la usipa, kuulutsa ndalama za amayi ena ogulitsa mandasi, ndipo ndinaganiza kuti agogo ndi aphunzitsi aja akanatha kugwirizana. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a kuno akamakwera malole kudutsa pa Mwami kupita ku Mkaika ku Katete kukalambira Kalonga Gawa Undi pamwambo wa Kulamba, fumbi limene gule amautsa pabwalo amalilandira ndi a Mwera, n'kuligawa mofanana kwa a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique. Aliyense amabwerako ndi gawo lake m'mphuno.

Adani awo amatchula za moto. Zoonadi, mwana akayatsa kachitsamba kuti atulutse mbewa imodzi, a Mwera amathandiza ndi mtima wonse mpaka moto utakwera phiri, nthawi zina n'kutsikira pankhokwe ya munthu. Koma kodi machesi anali m'thumba mwa ndani? Amatchulanso maluwa a mango amene amayoyoka asanagwire. Amenewo ndiye ndilibe yankho, ndipo mtengo wa kuseri kwa nyumba yanga ndimauyang'ana ndi chisoni. Komabe amayi akamauluza nyemba ndi soya pabwalo, lichero lili m'mwamba, amaitana ndani kuti achotse mankhusu? Kungoti a Mwera ndi wantchito wodzipereka: nthawi zina amatenga ndi nyemba zomwe.

Mu Seputembala 2024 sinowo ija inatseka msewu wa N3 pakati pa Johannesburg ndi Durban, anthu n'kugona m'magalimoto ali njenjenje. Msuweni wanga sanatumize kavidiyo ulendo umenewo. Ine ndinamulembera kuti athu a kuno satsekera munthu njira, amachita kumuperekeza. Tsiku lomwelo ndili pa Mwami kudikira minibasi, anandivula chipewa changa chatsopano, chimene ndinali ndisanamalize kulipira, n'kuchigubuduza bwinobwino kudutsa pageti, asilikali a mbali zonse ziwiri akuonerera. Amene anachitola ku Chipata avale ndithu. N'chakuda, chili ndi kanthenga kumanzere, ndipo chimathina pang'ono pachipumi.