Malangizo kwa angongole: mmene mungasokonezere kamera pa ukwati

Munthu amene ali ndi ngongole ku banki m'khonde, koma Loweruka lililonse amapezeka pa ukwati akumwaza ndalama pa perekaniperekani, ayenera kuopa kamera kuposa msungichuma wa gulu. Chithunzi chikangofika pa WhatsApp, nkhope ikuoneka bwinobwino mpaka thukuta lomwe, nkhani ya "mwezi uno zavuta" yathera pompo. Kuleka maukwati n'kosatheka, ndiye chatsala n'kuphunzira kutuluka mwachimbuuzi. Zimenezi n'zotheka ndithu, chifukwa autofocus, njira yodzisankhira chinthu choti chioneke bwino imene ambiri amaiyesa yanzeru, sidziwa munthu aliyense. Mkwati, abusa, bwana ndi wakatapila, onse kwa iyo n'chimodzimodzi. Imangosaka malire, pamene poyera pakumana ndi pakuda, ndipo wofuna kubisala angoimana malirewo.

Njira yosavuta imene kamera imagwiritsa ntchito ndi yoyesayesa. Kamota kakang'ono kamakankhira lenzi kutsogolo, sensa n'kuona ngati malire a zinthu akuthwa kapena afufuma. Akamathwerathwera lenzi imapitirira, akayamba kufufuma imadziwa kuti yalumpha pabwino n'kubwerera. Kuphethira kuja mumaona foni isanajambule ndi ulendo umenewu, ngati munthu wofufuza loko wa chitseko usiku kiyi ali m'manja. Phunziro lake kwa inu n'lakuti muzivala chovala cha mtundu umodzi, chopanda mizere kapena maluwa, n'kuima pafupi ndi khoma la mtundu womwewo. Koposa zonse, imani mapazi angapo kumbuyo kwa mayi amene atchena chitenje cha nkhanga ndi duku lake. Kamera idzawakonda mayiwo ndi mtima wonse, inu n'kutsala ngati utsi. Suti yamizeremizere ija munagula ndi ndalama za gulu isiyeni kunyumba, idzakuperekani.

Wina anganene kuti wojambula wolembedwa ganyu sabwera ndi kafoni wamba, amabwera ndi chikamera chimene sichifufuzafufuza. N'zoona. Makamera otere amatenga kuwala kolowera mbali ziwiri za lenzi n'kupanga tizithunzi tiwiri ta chinthu chimodzi. Tikagwirizana ndiye kuti zili bwino. Tikasemphana, kusemphanako kumauza kamera mbali yoti lenzi ilowere ndi mtunda woti iyende, ndipo imangolumpha kamodzi. Luso limeneli linatchuka ndi kamera ya Minolta 7000 mu 1985, ndipo tsopano lili m'mafoni: Canon inagawa pawiri timadontho ta sensa mu kamera ya EOS 70D ya 2013, Samsung n'kuchita zofanana mu foni ya Galaxy S7 ya 2016. (Angongole alimbe mtima: kampani ya Honeywell inasumira Minolta chifukwa chogwiritsa ntchito luso lake popanda chilolezo, ndipo mu 1992 Minolta inalipira madola oposa 127 miliyoni. Simuli nokha.) Koma liwiro si nzeru. Kuti tizithunzi tiwirito tiyerekezedwe, pafunikabe malire, ndiye khoma loyera limaigonjetsa nayonso. Ilinso ndi matenda ake: mizere yobwerezabwereza imaisokoneza, chifukwa sidziwa mzere uti ugwirizane ndi uti, ndipo chinthu chapafupi chimaikopa msanga. Mpanda wa waya, nsalu za nyulanyula zokongoletsera tenti, ngakhale maluwa apatebulo, zonsezi ndi abwenzi anu. Khalani kuseri kwake ndipo mumwetulire momasuka.

N'zachisoni kuti nyengo yabwino kwambiri ya angongole inapita kale. Polaroid SX-70 Sonar ya 1978 inkatulutsa kamawu kosamveka ndi khutu la munthu n'kuwerengera nthawi imene kamawuko katenge kuti kabwerere. Munthu ankangoima kuseri kwa zenera, kamera n'kujambula galasi mwaluso lonse. Mdzukulu wa njira imeneyi ndi kuwala kwa laser kumene LG inaika mu foni ya G3 mu 2014. Kumeneku kumaona ngakhale mumdima, koma sikufika patali, choncho mpando wakumbuyo kwa holo ukadali wotetezeka, ngakhale chakudya chimafikako mochedwa.

Chitsutso cholemera n'chakuti makamera a masiku ano amazindikira nkhope, ena mpaka diso, ndiye mfundo yakuti kamera sidziwa munthu yagwa. Sinagwe. Kuzindikira kuti apa pali maso awiri ndi mphuno sikudziwa kuti mwini mphunoyo anakongola zingati. Nkhope zikachuluka kamera iyenera kusankha imodzi, ndipo kawirikawiri imatenga yaikulu, yapafupi kapena yapakati. Pa ukwati uliwonse pamakhala munthu amene amathamangira kutsogolo kwa chithunzi chilichonse osaitanidwa. Musamunyoze ameneyo, mulemekezeni, mumupatse malo, ngati n'kotheka mumukankhireko pang'ono. Inu tembenukirani kumbali ngati mukulonjera wachibale amene simunamuone chaka chonse.

Pa mfundo imodzi yokha otsutsa apambana, ndipo ndi bwino kuvomera. Sensa ya foni ndi yaing'ono ndipo lenzi yake ndi yaifupi, motero masana dzuwa likuswa mtengo pafupifupi aliyense amene ali patali pang'ono amatuluka bwino, kaya kamera yamusankha kaya ayi. Mankhwala ake ndi kufika mochedwa. Kukayamba kuda, autofocus imasowa malire, ndipo kamera imatsegula diso nthawi yaitali kuti kuwala kukwane, ndiye chilichonse chogwedezeka chimatuluka ngati chapakidwa ndi chala. Vinani, ndipo musaime mpaka nyimbo ithe. Akafunsa mawa, mudzati munthu wosaoneka bwinoyo ndi msuweni wanu wofanana nanu.

Malangizo onsewa amagwira ntchito pokhapokha kamera ikusankha yokha. Wojambula akangogunda ndi chala pankhope panu pa sikirini ya foni, makina onse aja amaleka kukonda chitenje cha nkhanga n'kulunjika pa inu nokha, ndipo akayatsanso flashi kuvina sikuthandiza. Choncho musanalowe mu holo, yambani mwafunsa amene akujambula. Mukamva kuti ndi mwana wa msungichuma, bwererani pageti pomwepo, mphatso mudzatumiza pa foni.