Alendo a m'mlengalenga akadzatera pa Matawale

Mu July 2023 mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya ukazitape m'gulu la asilikali a ndege a dziko la America, David Grusch, analumbira pamaso pa aphungu ku Washington kuti boma lake likubisa ndege za zolengedwa zochokera kunja kwa dziko lapansi. Chaka chotsatira a ku Pentagon anatulutsa lipoti loti afufuza mafayilo kuyambira 1945 ndipo sanapeze kanthu. Anthu kumeneko anangoti: mwaona, akukana, ndiye kuti zilipo.

Nkhaniyi itafika m'kanyumba kometera pa msika wa Matawale ku Zomba, wometa anazimitsa makina, mutu wa kasitomala uli theka.

"Akuluakulu, limenelo ndiye boma. Chinsinsi cha ku Roswell cha 1947 mpaka lero chili chitsekere? Kuno a Bingu anamwalira pa 5 April 2012, anthu anayesa kubisa, anatha masiku awiri okha. Nduna zinaonekera pa kanema pakati pa usiku osatchula za maliro, pomwe ana ogulitsa mazira owiritsa anali atayamba kale kupepesana. Boma lathu litagwira cholengedwa cha ku Mars m'mawa, pofika masana chithunzi chili pa WhatsApp, mlonda ataima pambali pake akumwetulira."

*

Wakabaza wina anasowa pakhomo kuyambira Lachisanu, anatulukira Lolemba maso ali psuu.

"Amayi a mwana, musakalipe. Ndinaperekeza mlendo kuphiri, cha ku Chingwe's Hole. Mwadzidzidzi kuwala! Chimbale chachikulu chinatsika, tianthu tamitu ikuluikulu tinanditenga, tinandigoneka pa tebulo n'kumandipima."

"Anakupimani ndi kachasu?"

"Ndi mankhwala awo amenewo. Ndiponso kusowa si mlandu. A Peter Mutharika anapita kumsonkhano wa United Nations ku New York mu September 2016, anzawo onse anabwerera kwawo, iwo anadzatulukira pa 16 October akupereka moni ndi dzanja lamanzere. Anati ndi nyamakazi, dziko linavomera."

"Iwo aja anabwera pa ndege imene inawatenga, bambo. Inu njinga ili kuti?"

*

Agogo ena a kuseri kwa msika anawafotokozera za ana a sukulu ya Ariel ku Ruwa, m'dziko la Zimbabwe, amene mu September 1994 ananena kuti aona chinthu chitatera kutchire pafupi ndi bwalo lawo losewerera, mutatuluka tianthu tamaso akuluakulu. Anali ana oposa 60, ndipo pulofesa John Mack anachoka ku Harvard kudzawafunsa mafunso.

Agogo sanatekeseke. "Anangoona basi? Athu kuno amati akwezedwa lichero usiku, afika ku Joni, abwerako tambala asanalire. Pasipoti ayi, mzere wa mafuta ayi. Koma pulofesa sabwera. Amabwera ndi anyamata a miyala, ndipo woyendetsa ndege amene akumufuna ndine."

Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Agogo amalidziwa lamulolo. A miyala aja ndiwo sanaliwerenge.

*

Mu March 2005 kunamveka kuti a Bingu achoka m'nyumba yachifumu ya ku Lilongwe, ya zipinda pafupifupi 300 ija, chifukwa cha mizukwa. Eni ake anakana. Apolisi anachita changu: anamanga atolankhani Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda. Mizukwa sinaitanidwe ngakhale kudzapereka sitetimenti.

*

Ife za ku Mars sitizifuna kwenikweni, tili ndi anamapopa. Ndipo anamapopa athu ndi okonda ndale: sabwera nthawi ya zokolola zambiri, amadikira m'mimba mukamalira ndipo boma likamalankhula zosamveka.

Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ankaphedwa usiku ku Chilobwe, ndipo mphekesera inali yoti boma la Kamuzu likutumiza magazi ku South Africa kubweza ngongole. Nduna Gomile Kumtumanji inathera m'ndende pa nkhani yomweyo. Kumapeto kwa 2002, njala ili pakhosi, zinamvekanso kuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. A Muluzi anakana, koma mu January 2003 anthu anagenda Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, pomuganizira kuti akusunga opopa. Mu 2017 zinabukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe, kuseri kwathu kuno, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake.

Masiku amenewo m'minibasi yochokera ku Jali munali msonkhano. Bambo wina anakuwa kuti iye akudziwa, ndi boma, ali ndi makina opopera patali.

Mayi wina wovala yunifolomu yoyera anatembenuka. "Achimwene, magazi ake ati? Ine ndimakuyezani tsiku ndi tsiku. Udzudzu unapopa kale, otsalawo sangadzaze kapu."

Kondakitala naye anaponyapo lake. "Boma limene likulephera kupopa madzi kuti afike pampopi, likapope magazi? Usiku, nyumba ndi nyumba, mwakachetechete, popanda wina kunyanyala chifukwa cha alawansi? Madala, mukulilemekeza kwambiri."

Minibasi yonse inaseka, koma chikwama cha mlendo amene anakhala kumbuyo aliyense ankachiyang'ana ndi diso la m'mbali. Pajatu amene anafa mu 2017 sanali nduna kapena mwini makina. Anali anthu oyenda pansi osadziwika m'mudzi, ndipo wina amene anamuotcha ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Wa galimoto ya magalasi akuda mphekesera imamutchula, mwala sumupeza.

*

Pansi pa mtengo wa mango pamene amaseweretsa bawo, mnyamata wa ku Chanco ankafotokoza momwe zolengedwazo zimatengera anthu: usiku, kuwala kwamphamvu, munthu osaonekanso, boma n'kukana kuti silikudziwa kanthu.

Mdala wina anatola nkhomo zake osadzutsa mutu. "Mwana wanga, zimenezo ife tinaziona. Kungoti sizinkatsika kumwamba, zinkabwera pa Land Rover. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pasukulu yako yomweyo, anamutenga ku Gymkhana Club mu 1987. Anakhala ku Mikuyu mpaka 1991, mlandu osauzidwa. Nanga mu May 1983? Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anawagwira konkuno ku Zomba, nyumba ya malamulo idakali kuno. Anapezeka atafa ku Thambani, ku Mwanza. Boma linati ngozi ya galimoto."

"Ndiye zinatha bwanji, agogo?"

"Atalowa a Muluzi, komiti yofufuza inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Mlandu unapita kukhoti. Mu December 1995 khoti linati Kamuzu alibe mlandu, a John Tembo alibe mlandu."

"Nanga anatuma apolisiwo ndani?"

"Mwina ndi a mitu ikuluikulu akowo. Sewera, nthawi ikutha."

*

Tsono akuti tsiku lina chimbale chija chinateradi, pafupi ndi bwalo la ndege la asilikali. Munatuluka atatu obiriwira, wamkulu wawo atanyamula kope.

"Tikufuna mwini dziko."

"Ali kunja, kumsonkhano."

"Wachiwiri wake?"

"Sakulankhulana."

Anawapititsa kwa bwana wina wa tayi, amene anawalandira ndi manja awiri poyesa ndi opereka thandizo. Wamkulu uja anatsegula kope. "Ife tabwera kudzadziyeretsa. Kwathu kukumveka kuti zinthu zikasowa kuno mumanamizira ife. Ndege ya pulezidenti ija munagula mu 2009?"

"Tinagulitsa mu 2013, madola 15 miliyoni."

"Ndalamazo?"

"Poyamba tinati zagula chimanga. Kenaka tinati zabweza ngongole ya zida za asilikali."

"Nanga ndalama zopitirira K13 biliyoni zimene zinasowa ku Capital Hill m'miyezi isanu ndi umodzi chaka chomwecho? Ife chimbale chathu sichinganyamule zimenezo."

"Ife mabuti a galimoto ananyamula."

Wobiriwira anapukuta thukuta. "Pomaliza, apa palembedwa kuti mu 2022 munalipira K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama. Makina athu omasulira ayenera kuti awonongeka."

"Ali bwinobwino makina anuwo, bwana."

Atatuwo anayang'anana. Wamng'ono ananong'oneza mkulu wake kuti anthu awa si oti n'kuwapima, ndi oti n'kuwaphunzira. Anapempha kuti atengeko mmodzi akaphunzitse kwawo. Bwana wa tayi anavomera msanga, n'kufunsa kuti ulendowo ndi wa masiku angati. Atamva kuti ndi zaka 400 kupita kokha, anatulutsa kakyuleta n'kuyamba kuwerengetsa alawansi ya usiku uliwonse, theka aperekeretu.

Alendowo anathawa. Atafika pamene anasiya chimbale chawo anapeza chili pa njerwa, batire palibe, ndipo pamsika pa Matawale mbaula zonyezimira zachilendo zinali zitatsika mtengo. Anakadandaula kupolisi, anawauza kuti galimoto ilibe mafuta. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza, komitiyo inakakhala kunyanja sabata zitatu, n'kupeza kuti chimbalecho sichinabwere n'komwe.

Atatu aja akadali konkuno. Awiri akupalasa kabaza pa msewu wa ku Chinamwali. Wamkulu uja wagula nsalu za zipani zonse, akuti chisankho chikubwerachi aimira ukhansala.